Giza ya sola yatigwiritsa mwala kuno ku Dedza, thandizeni

Moni nonse akuluakulu m'gulu muno. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere.

Ndimayang'anira nyumba ya lendi yosanja ku Dedza boma, muli mabanja anayi, anthu 14. Chaka chatha tinaika giza ya sola padenga, ya machubu agalasi 20, thanki ya malita 200, yopanda pampu. Nthawi yotentha inkagwira bwino. Koma chiyambire Juni madzi amatentha masana okha, kukacha amakhala ofunda chabe, ndipo okhala pansi amadikira nthawi yaitali akatsegula mpopi. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa, chifunga chikatsika m'phiri dzuwa limachedwa kuoneka. Dzulo ndinapeza mayi wina akuwiritsa madzi pambaula kuti asambitse khanda, pomwe lendi amalipira yokwera chifukwa cha giza yomweyi. Mtima unandiwawa.

Ndapukuta fumbi pamachubu, ndakulunga mapaipi ndi siponji, pulambala anasintha valavu, koma palibe chasintha. Chubu chimodzi kunsi kwake kwayera ngati ufa, pomwe enawo akunyezimira.

Kodi chubu chimenechi chafa, ndipo chimasinthika pachokha? Kapena malita 200 ndi ochepa, ndiwonjezere giza ina? Amene munakumanapo nazo, chonde ndiuzeni poyambira.