Ndithandizeni za kaumbidwe ka miphika ka ku Kampong Chhnang

Moni nonse akuluakulu ndi anzanga oumba. Ndine woumba mbiya ndi mbaula zadongo, ndipo ndikufuna nzeru kwa aliyense amene anaonapo mmene amayi a ku Cambodia amaumbira miphika, makamaka a m'mudzi wa Andong Russei m'chigawo cha Kampong Chhnang.

Pa kaumbidwe kawo kamakolo, iwo saumbira pa gudumu. Amaika dongo pa chitsa, woumbayo n'kumayenda mozungulira chitsacho uku akukonza mlomo wa mphika ndi kansalu konyowa. Ukaumako pang'ono amaumenya kunja ndi kathabwa, dzanja lina litagwira m'kati kachida kadongo lowotcha kooneka ngati bowa. Kumenyako ndi kumene kumapepula khoma, kukulitsa mimba ndi kutseka pansi, chifukwa mphikawo umayamba uli wobooka kumatako. Ife kuno tinazolowera kukweza ndi manja n'kupala ndi chikonyo.

Pamene pandivuta ndi apa: amayamba kumenya dongo litauma kufika pati? Langa likakhala lofewa limakakamira kuthabwa, ndikadikira limachita ming'alu pansi penipeni potseka. Kodi amathira mchenga wochuluka bwanji, kapena dongo lawo la ku phiri la Phnom Krang Dey Meas ndi losiyana ndi lathu la kudambo?

Za kuwotcha sizikundidetsa nkhawa kwenikweni, poti nawonso amawotchera pabwalo ndi nkhuni ndi udzu wa mpunga. Koma amene munayesapo kathabwaka, chonde ndiuzeni mtengo umene munasemera ndi kulemera kwake. Zikomo.