Warfarin ndi chiwindi, thandizeni

Wofunsa: Anzanga, bambo anga akhala akumwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) chaka chonse chifukwa magazi anaundana m'mwendo, ndiye dzulo ndaona maso awo ayamba chikasu komanso nkhama zikumatuluka magazi akamatsuka mkamwa, kodi ndi mankhwalawa akuononga chiwindi?

Yankho 1: Achemwali thamangani nawo kuchipatala lero lomwe. Warfarin amagayidwa m'chiwindi, ndipo chiwindi chomwecho ndi chimene chimapanga zothandiza magazi kuundana, ndiye chikafooka INR (muyeso wa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane) imakwera magazi osaleka kutuluka.

Yankho 2: Zoona, koma zoti warfarin payekha aononge chiwindi sizichitikachitika, mwina pali hepatitis (matenda otupa chiwindi) kapena mowa. Akayezetse magazi aone ALT ndi AST, zimene zimaonetsa ngati chiwindi chaonongeka.

Yankho 3: Chonde musawasiyitse nokha mankhwalawo, dozi asinthe ndi adokotala. Panado wambiri nayenso amakweza INR, kawauzeni ngati akumamwa.