MySQL yakana kudzuka pa sitolo ya kasitomala, ngongole za alimi zili momwemo

Chikondi:
Akuluakulu thandizeni msanga chonde. Iyi ndi ntchito yanga yoyamba yolipidwa chimalizireni kosi. Ndinapangira agro-dealer wina wa ku Kapata system ya stock ndi ngongole, PHP ndi database ya MySQL pa XAMPP (phukusi loyendetsera web seva ya Apache ndi MySQL pa kompyuta imodzi), ili pa desktop ya mu sitolo. Dzulo madzulo malaiti anazima akulowetsa malonda. Lero Apache ikuyaka bwinobwino koma MySQL ikungophethira n'kuzima, "MySQL shutdown unexpectedly". Port 3306 ndaona kale, palibe chaigwira. Mu mysql_error.log mukutuluka za InnoDB ndi Aria, ma engine osungira matebulo a database. Backup yomwe ilipo ndi ya mwezi watha. Muli ngongole za feteleza ndi mbewu za alimi a ku Chadiza ndi Vubwi, mwini sitolo akungoimba foni poti anthu ali pamzere. Pa YouTube wina akuti ndifufute ibdata1, fayilo ya InnoDB ya mu folda ya data. Ndifufute?

aTembo:
Ayi mwana wanga, ibdata1 usaikhudze. Ukaifufuta MySQL ikhoza kudzuka ndithu, koma matebulo ako onse azidzati "doesn't exist in engine", error 1932 ija. Usanachite chilichonse kopera folda yonse ya xampp\mysql\data pa flash, kenako pa laputopu yako. Uziyesera pa kope, osati pa kompyuta ya mu sitolo.

aZulu:
XAMPP pa sitolo ya munthu? Eni ake a XAMPP amanena okha kuti ndi yophunzirira ndi kuyesera. Vuto lagona pamenepo.

Memory:
aZulu, zoona, koma mnyamatayu ali pamoto panopa. Chikondi, werenga mizere yomaliza ya log. Ngati ikudandaula za Aria kapena tebulo la mu folda ya mysql, nthawi zambiri data yako ili bwino, chaphwanyika ndi matebulo a system. Sintha dzina la folda ya data ikhale data_old, kopera folda ya backup yomwe imabwera ndi XAMPP uitche data, bweretsa folda ya database yako yokha, pomaliza ibdata1 yakale iloŵe m'malo mwa yatsopanoyo. Folda za mysql, performance_schema ndi phpmyadmin zakale uzisiye. Ma user ndi ma password a database udzapanganso.

Chikondi:
Ndakopera. Log ikunenanso za corruption pa page ina ya InnoDB.

aTembo:
Ndiye ndi nkhani ina. Mu my.ini, fayilo ya ma setting a MySQL, pansi pa [mysqld] lemba innodb_force_recovery=1, yesa kuyatsa. Ikakana pita pa 2, kenako 3. Pa 3 uime. Kuyambira pa 4 ikhoza kuononga mafayilo mpaka kalekale, ndipo 6 ndi ya munthu amene wataya kale mtima. Ikangodzuka thamangitsa mysqldump, yotulutsira data yonse mu fayilo imodzi, nthawi yomweyo, usatsegule system kuti agulitsirepo. Dump ikatuluka, install yatsopano, import, ndipo mzere uja uuchotse.

aMbewe Katete:
Zinandionekera mu 2024 pa chilala chija madzi atatsika ku Kariba, malaiti akubwera pakati pa usiku basi. Sukulu ina yapulaiveti kuno, fees zonse za temu zinali mu database. Bursar ankazimitsa kompyuta pa soketi ngati wailesi. Ndinagona m'ofesi mwawo ndikulowetsanso ma risiti limodzilimodzi kuchokera m'mabuku a kaboni, ena atanyowa ndi mvula inki itafalikira. Ndalama yanga yotsala sanandipatse, akuti system yanga ndiyo inali yoola.

aZulu:
Inalinso pa XAMPP imeneyo, eti?

aMbewe Katete:
Inali pa XAMPP, koma ngakhale ikanakhala pa china, kompyuta yozimitsidwa pa soketi tsiku ndi tsiku siingapirire.

aZulu:
Ikanakhala pa hosting bursar akanazimitsa chiyani? Ana athuwa tikuwaphunzitsa kunyamula localhost kupita nayo kwa kasitomala. Ikani pa seva basi.

Memory:
Seva ndi netiweki iti aZulu? Nthambi ya sitolo ikakhala ku Vubwi netiweki ikagwa, mlimi wabwera ndi ngolo adikire? Ndipo bundle alipira ndani? Ine makasitomala a kumidzi ndimawaikira MariaDB, m'bale wake wa MySQL, ngati service pa Windows, kuti izitseka yokha bwino akamazimitsa, UPS yaing'ono (batire yoti kompyuta isazime malaiti akapita), ndi ka bat file ka mysqldump pa Task Scheduler madzulo alionse. Kapena laputopu yakale yokhala ndi batire yabwino m'malo mwa desktop.

Mai Phiri:
Chenjezo lina Chikondi. Wina akakuuza kuti tumiza folda ya data pa WhatsApp ndikukonzere, ukane. Muli manambala a NRC ndi a foni a alimi, ndi ngongole zawo. Data Protection Act ya 2021 ilipo, zikatuluka kunja dzina lomwe litchulidwe ndi lako. Komanso mwini sitolo umuuze zoona lero lomwe, ayambe kulemba m'buku. Usamulonjeze kuti zonse zibwerera usanaone dump ndi maso ako.

aMbewe Katete:
Ndipo munalemberana chiyani? Ngati palibe pepala lonena kuti UPS agula ndani, backup asunga ndani, kukonza ndi zingati pa mwezi, uzidzaitanidwa ulere mpaka ukalamba. Ine masiku ano theka la ndalama kaye ndisanatsegule laputopu.

aZulu:
Pepala lilipo kapena palibe, XAMPP ichoke pa sitolopo. Ikadzuka lero, mwezi wamawa abweranso pano ndi nkhani yomweyi.

aTembo:
Tamva aZulu. Chikondi, wafika pa nambala iti? Usapitirire 3.

Gift Lundazi:
Pepani kuloŵerera. Popeza tikukamba za ma system a m'masitolo, alipo amene analumikizapo POS yake ndi Smart Invoice, system ya ma invoice ya ZRA? Kasitomala wanga ndi wa VAT, akuti sangalandire system yopanda zimenezo.

Memory:
Gift, yambitsa nkhani yakeyake, imeneyo ndi yaitali. Uyambe waŵerenga za VSDC, pulogalamu yolumikizira POS ndi Smart Invoice, ndipo usamutchulire mtengo usanaone zomwe akufuna pa certification.