Sphinx ikungolira "duplicate label", build ikugwa

wapaboma_dedza: Akuluakulu thandizeni, mutu wandizungulira. Tikulemba madokumenti a sisitimu ya gulu la alimi a mbatatesi, tikugwiritsa Sphinx, pulogalamu yosandutsa zolemba zathu kukhala masamba a madokumenti. Ndinaika sphinx.ext.autosectionlabel mu conf.py kuti ndisamalembe ndekha label (dzina limene link imalozera) pamutu uliwonse. Vuto, tsamba lililonse lili ndi mutu woti "Mawu oyamba", ndiye ikungolavula duplicate label mpaka pansi. Pa CI (makina amene amapanga build okha tikatumiza zosintha) pali -W, chenjezo lililonse limasanduka error, build yafa. Abwana akufuna zonse Lachisanu.

achemwali_bembeke: Ikani autosectionlabel_prefix_document = True achimwene. Label izitenga dzina la fayilo kutsogolo, muzilemba :ref:`malonda/index:Mawu oyamba`, popanda .rst. Koma ma :ref: (ma link oloza ku label) akale onse aduka, mukhala pansi kuwakonza limodzilimodzi. Ndipo mitu iwiri yofanana mu fayilo imodzi igundanabe. Ikakhala timitu ta pansi, autosectionlabel_maxdepth = 2 ikuthandizani, timitu ta pansi kwambiri sitipatsidwa label.

mkulu_tsangano: Chotsani chinthucho basi. Lembani nokha .. _malonda-chiyambi: pamwamba pa mutu. Label ya pamanja sisuntha.

wapaboma_dedza: Akulu, masamba ndi ambiri, ndilibe nthawi imeneyo.

mkulu_tsangano: Nthawi muitaya ndithu, kungoti mawa. Abwana anuwo akadzati "Mawu oyamba" akhale "Chiyambi", link iliyonse yoloza pamenepo yafa, undefined label. Mukasuntha fayilo kupita foda ina, prefix ija nayo yasintha. Mwamangirira ng'ombe pa chikhomo chosakhoma.

walizulu: Chimodzi chokha: wina asakunamizeni kuti muike suppress_warnings = ['autosectionlabel.*']. Kumene ndinkagwira kale mnyamata wina anatero, build inabiriwira, tonse kuwomba m'manja. Kenako kasitomala akudina "Mawu oyamba" a malipiro, ikumufikitsa ku tsamba la katundu. Chenjezo linangotsekedwa pakamwa, kugundana kunali pomwepo, label imodzi inafafaniza inzake. Tinazimva kwa kasitomalayo pa foni, akukalipa. Komanso musachotse -W, ndi imene yakupulumutsani apa.

achemwali_bembeke: Eya, ndipo mukasintha mayina a mafayilo muzichita make clean, kapena sphinx-build -E, kuti build iyambirenso, musakhulupirire zotsala mu _build. Ine ndimasakaniza: ya pamanja pa mitu imene imalozedwa kawirikawiri, yodzipangira pa zina zonse.

mkulu_tsangano: Ndiye mwavomereza kuti ya pamanja ndiyo yodalirika. Nanga inayo mukuisungiranji?

achemwali_bembeke: Bambo, si aliyense amene amalemba madokumenti ali yekha. Pagulu ena amaiwala kuika label, ena amaika dzina limene wina anaika kale, duplicate label yomweyo.

walizulu: Ndikanayesa kwanga kuno kuti ndikuonetseni, koma foni yadumphiranso netiweki ya ku Mozambique, pip install ikungozungulira. Kumeneko ku boma magetsi alipo?

mkulu_tsangano: Kuno anazima m'mawa. Koma label lembani pamanja.