Anandibweza ku ofesi ya sukulu, ana akungokhala pakhomo. A ku Illinois ndithandizeni

Membala wosatchula dzina: Abale anga okhala m'madera ozungulira Chicago, ndipatseni nzeru, mutu wanga sukugwira. Ana awiri afika kuchokera ku Lilongwe mwezi wathawu, wina wa zaka 7, wina wa zaka 11 amene kumudzi anali Sitandade 6. Ndinapita kukawalembetsa pasukulu yomwe ili kuseri kwa nyumba, anandiuza kuti ndipite ku ofesi ya district, yomwe imayang'anira sukulu za boma za m'deralo. Kumeneko mayi wa pa desiki anangoyang'ana mapepala n'kunena kuti sakukwana. Tsiku limenelo ndinachita kujomba kuntchito, galimoto n'kubwereka kwa alamu anga, amene amandiwerengera mafuta ngati ndimapita ku Mzuzu. Alamu omwewo ndi amene ankati zonse n'zophweka, lero akungoonera mpira. Ku ofesiko akutinso wamkuluyo sangaphunzire sukulu imodzi ndi mng'ono wake, pamene ine ndimagwira usiku. Anzawo anatsegulira kale. Nditani? Osanditukwana chonde, ndatopa kale.

Nachisale: Pepani mayi. Koma pepala lomwe anati likusowa ndi liti? Nanga lease, pepala la mgwirizano wa lendi ya nyumbayo, ili m'dzina la ndani? Anawo ndi anu obereka kapena a m'bale wanu? Yankho limasintha malinga ndi zitatu zimenezi.

Mjomba wa ku Aurora: NKHANI APA NDI ADIRESI. Ndimanena tsiku ndi tsiku pagulu pano koma anthu samva. Sukulu za kuno zimayenda kwambiri ndi msonkho wa nyumba wa m'deralo, n'chifukwa chake district iliyonse imalondera malire ake. Amafuna pepala limodzi lalikulu, lease yosainidwa kapena mapepala a mortgage kapena bilu ya msonkho wa nyumba, kuwonjezerapo ena awiri monga bilu ya magetsi ya ComEd kapena ya gasi ya Nicor, laisensi yoyendetsera galimoto, kapena mapepala a inshuwalansi ya galimoto. Onse adiresi imodzi, ndipo mabiluwo akhale atsopano. Ngati munatenga adiresi ya munthu wina chifukwa sukulu ya kumeneko ndi yabwino, SIYANI LERO. Malamulo a Illinois amati kunama dala pa nkhani imeneyi ndi mlandu, ndipo district ikhoza kukulipiritsani fizi ya masiku onse amene mwana anaphunzira. Ma district ena amalemba ganyu anthu oti azikaima pamsewu m'mamawa kuona komwe mwana akutulukira.

Nachisale: Amjomba, ndani wanena kuti anama? Mwayamba kuweruza mlandu womwe sunalowe m'bwalo.

Mjomba wa ku Aurora: Ndikuteteza mbiri ya Amalawi, mayi. Mmodzi akagwidwa tonse timanunkha.

Mphunzitsi wa ESL (Chingelezi cha ana olankhula zilankhulo zina): Ngati mukukhala m'nyumba ya alamu anuwo ndipo dzina lanu palibe pa lease, pemphani fomu ya affidavit ya residency ku ofesi komweko. Mwini lease amasaina kuti mumagona pamenepo, iyeyo n'kubweretsa lease yake ndi mabilu ake, inu n'kuwonjezera kalata iliyonse ya boma, ya banki kapena ya malipiro a kuntchito yofika pa adiresiyo. Ma district ambiri amafuna kuti kusainako kuchitike pamaso pa notary, munthu wovomerezedwa ndi boma kuchitira umboni posaina, ndipo banki yanu kapena laibulale ya m'dera nthawi zambiri amakhala naye. Koma ngati mukukhala kwa abale chifukwa ndalama za lendi sizikukwana, pali lamulo la dziko lonse lotchedwa McKinney-Vento. District iliyonse ili ndi munthu wake woona za lamuloli, amati liaison. Mukagwera m'gulu limenelo ana amalowa m'kalasi nthawi yomweyo, mapepala amatsatira pambuyo.

Mjomba wa ku Aurora: McKinney-Vento ndi ya anthu osowa pokhala, si ya munthu amene ali pantchito. Musawanamize.

Mphunzitsi wa ESL: Lamulolo silifunsa ngati munthu ali pantchito, amjomba. Limayang'ana ngati banja lili ndi malo okhazikika komanso okwanira ogona, ndipo limatchula mabanja ogonera kwa ena chifukwa cha mavuto a chuma. Wogamula ndi liaison, osati inu kapena ine.

Che Ndevu: Ine funso langa ndi la alamuwo basi. Mpira wake ndi uti womwe ukuposa sukulu ya ana? 😂

Namwino wa ku Elgin: Nonse mukukangana za nyumba, koma ana ochokera kumudzi chimene chimawagwetsa ndi katemera. Tengani mabuku awo a kuchipatala, ma health passport aja, mupite nawo kwa dokotala wa kuno kuti adzaze fomu ya boma ya Certificate of Child Health Examination. Yembekezerani kuti abayidwanso, ndipo zifukwa zake ndi izi. Kwathu katemera woyamba wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9, koma kuno amawerenga wa MMR (wa chikuku, mumps ndi rubella) yekha woperekedwa mwana atakwanitsa chaka, ndipo amafuna awiri. Wa kwathu uja mulibe mumps. Wa katsabola, amene kuno amati varicella, sali pa ndondomeko ya boma ya kwathu, ndiye afunika awiri pokhapokha dokotala atatsimikiza kuti mwana anadwalapo. Madontho a poliyo operekedwa kuyambira April 2016 kuno sawerengedwa, choncho wamng'onoyo mosakayika adzafunika jakisoni wa poliyo. Wa zaka 11 akamalowa giredi 6 amafunanso Tdap (wa kafumbata, diphtheria ndi chifuwa chokoka mtima) ndi wa meningitis. Wa hepatitis B wachitatu kwathu amabaya pa masabata 14, pomwe kuno womaliza ayenera kukhala wa masabata 24 kupita m'tsogolo, ndiye musadabwe akawonjezera wina. Akafuna kuyeza TB pemphani ya magazi, chifukwa BCG yomwe ana athu analandira imatha kusokoneza ya pakhungu ija. Tsiku lomaliza la boma ndi 15 October, ma district ena amaika lawo lofulumirirapo, ndipo likadutsa mwana amabwezedwa kunyumba. Fomu ya maso nayonso ndi ya 15 October kwa mwana wolowa koyamba sukulu ya ku Illinois. Ya mano ndi 15 May kwa a giredi 2 ndi giredi 6, kutanthauza onse awiri anuwo. Ngati mulibe inshuwalansi pitani ku health department ya county yanu, ndipo lembetsani All Kids, inshuwalansi ya boma ya ana, yomwe siyang'ana mapepala a immigration a mwana.

Mjomba wa ku Aurora: Katemera sangathandize ngati adiresi ili yabodza.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Amjomba, ine sindine wakuba. Vuto ndi lakuti alamu anga ndi mkazi wawo sagwirizana, ndiye chilichonse chosaina chimasanduka msonkhano. Dzulo anabisanso makiyi a galimoto. Nanga za basi, kodi amalipiritsa?

Nachisale: Mayi, simunayankhebe. Ana ndi a ndani, ndipo pepala losowalo ndi liti?

Bambo a mapasa: Za basi: lamulo la Illinois limanena za ana okhala mtunda wa mamailosi 1.5 kapena kuposera kuchoka pasukulu yawo, amenewo m'ma district ambiri amakwera ulere. Wapafupi amayenda, pokhapokha njira itavomerezedwa kuti ndi yoopsa, monga yodutsa njanji kapena msewu waukulu. Kwina amalola kugula mpando ngati malo alipo. Za kusiyana sukulu musadandaule nazo, ndi momwe zilili, elementary imathera giredi 5, middle school ndi 6 mpaka 8. Nthawi zambiri mwana amamuika potengera zaka zake pa 1 September, osati Sitandade ya kumudzi, koma lipoti la sukulu ya ku Lilongwe mutenge, limathandiza posankha kalasi ya masamu.

Mjomba wa ku Aurora: ZABODZA. Si paliponse. Ku District 54 ya Schaumburg giredi 6 ili ku elementary, junior high ndi 7 ndi 8. Za 6 mpaka 8 zo ndi za kwina monga District 97 ya Oak Park. Ndipo dziwani kuti district zimenezi zimathera giredi 8, high school ndi district ina, monga 211 kapena 200, komwe mudzalembetsenso mwatsopano ndi mapepala omwewa. Dzina la tauni pa envulopu silitanthauza kanthu, msewu umodzi mbali iyi district ina, mbali iyo ina. Lowetsani adiresi pa mapu a pa webusaiti ya district muone.

Bambo a mapasa: Apa mwalondola, koma mukanatha kunena osakuwa.

Mphunzitsi wa ESL: Pa fomu ya Home Language Survey lembani zoona kuti kunyumba mumayankhula Chichewa. Adzawayesa Chingelezi ndi mayeso a WIDA pasanathe masiku 30. Akapezeka kuti akufunika thandizo mudzalandira kalata, ndipo muli ndi ufulu wokana, ngakhale mayeso a Chingelezi a ACCESS azilembabe chaka ndi chaka mpaka atakhoza. Ine ndingati wamkuluyo musamukanire, chifukwa Chingelezi cha sayansi ndi social studies ku middle school n'chovuta kuposa chocheza. Ofesi ilibe ufulu wofunsa za visa kapena kukakamiza nambala ya Social Security, Khoti Lalikulu la dziko lino linagamula mu 1982 pa mlandu wa Plyler v. Doe kuti mwana aliyense aphunzire. Chiphaso cha kubadwa cha ku NRB amapereka masiku 30 kuti chibwere. Mudzazenso fomu ya chakudya chaulere, mukavomerezedwa mupemphe kuti akuchotsereni fizi ya kulembetsa.

Mjomba wa ku Aurora: Sukulu siyifunsa, inde, koma ngati anawo anabwera pa visa ya alendo ya B-2, kuwalowetsa sukulu kumaphwanya zofunika za visa imeneyo, ndipo visa ya ophunzira ya F-1 siperekedwa pa sukulu za boma za giredi 8 kutsika m'munsi. Onanani ndi loya wa immigration musanasaine kanthu.

Nachisale: Ngati ndi ana a m'bale wanu, pali fomu ya ISBE, bungwe la maphunziro la boma la Illinois, yotsimikiza kuti mukuwasunga inu ndipo amagona kwanu usiku uliwonse, osati chifukwa cha sukulu yokha. Ngati ndi anu, imeneyo siyikukhudzani. Mawa imbani ku ofesiko muwapemphe akutumizireni pa imelo mndandanda wa zomwe zikusowa, muujambule muike pano.

Che Ndevu: Makiyi aja apezeka?