Mabuku a mayi wofufuza milandu payekha: chimakoka owerenga n'chiyani?

NaBanda wa ku Mufakose:

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu odziwa za mabuku. Pali mabuku otsatizana aja amene mwininkhani wake ndi mayi wofufuza milandu payekha, wosakhala wapolisi. Anthu akagwira loyamba safuna kulekeza panjira. Kodi chimawakoka n'chiyani? Ndipo munthu atafuna kulemba otere m'Chichewa, nkhani yake ikuchitikira muno mu Harare, asamale ziti kuti isatuluke ngati filimu ya ku America yovekedwa chitenje? Ndikufuna zenizeni: oganiziridwa akhale angati, zizindikiro ziikidwe pati, mlandu ukhale wotani.

A Phiri a ku Highfield:

Mayi NaBanda, kukoma kwake kwagona pa mphamvu zimene mayiyo alibe. Wapolisi ali ndi unyolo, yunifolomu ndi chilolezo cha khoti cholowera m'nyumba ya munthu. Mayi wofufuza payekha alibe chilichonse mwa izi, ndiye choonadi amachipeza pofunsa, pomvetsera ndi poona zimene ena akuzidumpha. Wowerenga nayenso alibe unyolo, choncho amayenda naye limodzi ngati mnzake.

China n'chakuti anthu amamuderera, ndipo munthu amene wakuderera sasamala pakamwa. Zimenezi sizinayambire m'mabuku. Mu 1856 kampani yofufuza milandu ya Pinkerton ku Chicago inalemba ntchito Kate Warne atawauza kuti mkazi angathe kulowa malo amene mwamuna wofufuza sangafikeko, n'kupalana ubwenzi ndi akazi a oganiziridwa. M'mabuku, P. D. James anatulutsa Cordelia Gray mu 1972, Marcia Muller anabwera ndi Sharon McCone mu 1977, ndipo mu 1982 munatuluka awiri nthawi imodzi: Kinsey Millhone wa Sue Grafton ndi V. I. Warshawski wa Sara Paretsky. Grafton ankatchula mabuku ake motsata alifabeti, anafika pa Y, buku la 25, n'kumwalira mu 2017 asanalembe la Z.

Wapafupi ndi ife ndi Mma Ramotswe wa ku Gaborone. Amene anamulemba, Alexander McCall Smith, anabadwira ku Bulawayo mu 1948, ndipo buku loyamba linatuluka mu 1998. Mayiyo anatsegula ofesi ndi ndalama za ng'ombe zimene bambo ake anamusiyira. Milandu yake yambiri si yakupha: mwamuna wosowa, munthu wodzitcha bambo wa wina pofuna kudyerera, wantchito woba. Mabukuwo anapitirira 20. Apa ndi pamene muonere kuti owerenga sabwerera chifukwa cha magazi. Mlandu umatha m'buku limodzi, koma moyo wa mayiyo, mlembi wake, galimoto yake yakale ndi ngongole zake zimapitirira, ndiye umagula lotsatira ngati ukukazonda wachibale.

Achimwene Mwale, Dzivarasekwa:

Ine ndiyankha za kamangidwe.

Yambani ndi mapeto. Musanalembe mutu woyamba, lembani tsamba limodzi lofotokoza zimene zinachitikadi: ndani, tsiku liti, nthawi yanji, chifukwa chiyani, ndipo analakwitsa pati pobisa. Popanda tsamba limeneli mudzafika pakati, mudzasintha wolakwa, ndipo zizindikiro za kumayambiriro zidzakhala zikuloza munthu wina.

Oganiziridwa akhale anayi kapena asanu. Akakhala awiri wowerenga amangoponya ndalama m'mwamba, akapitirira asanu ndi mmodzi mayina amasokonekera. Aliyense akhale ndi chifukwa, mpata, ndi bodza limodzi. Bodzali ndiye mtima wa buku. Onse amanama, koma m'modzi yekha ndiye akunama za mlanduwo. Enawo akubisa chibwenzi, ngongole, kapena mwana wakunja. Ntchito ya wofufuza ndi kusenda mabodzawa limodzilimodzi.

Zizindikiro zenizeni zitatu zikwanira. Choyamba chibwere buku lisanamalize gawo loyamba mwa magawo anayi, chachiwiri pakati, chachitatu kutatsala mitu itatu kapena inayi. Pobisa, chiikeni pakati pa zinthu zina (mwachitsanzo wofufuza akutchula za m'chikwama cha malemu: chisa, makiyi, tikiti ya basi, mankhwala a mutu), kenako pachitike chinthu chaphokoso kuti maso a wowerenga achoke pa tikitiyo. Koma chilichonse chimene wofufuza waona, wowerenga aonenso. Ronald Knox analemba malamulo khumi a nkhani zotere mu 1929, ndipo awiri mwa iwo akadali amoyo: wolakwa akhale munthu amene watchulidwa kumayambiriro, ndipo wofufuza asathandizidwe ndi mwayi kapena kungomva m'thupi. Kwa ife ndionjezepo maloto ndi ula. Anthu a m'nkhani akhoza kupita kwa sing'anga, ndi moyo umenewo, koma yankho lisachokere kumeneko.

Za kutalika: a Chingerezi amakonda mawu 60,000 mpaka 80,000. Chichewa chimamata mawu ambiri kukhala amodzi, ndiye 40,000 ndi buku lokwana, mitu 20 ya mawu 2,000.

Mayi NaZulu, Mbare:

A Mwale anena bwino za mafupa, koma pamene olemba athu amagwera ndi pa lamulo. Muno wofufuza payekha amafunika laisensi pansi pa lamulo lotchedwa Private Investigators and Security Guards (Control) Act. Sangasechetse nyumba, sangatseke munthu m'chitokosi, sangapite ku kampani ya mafoni kukatenga mndandanda wa amene wina waimbira, ndipo kumvetsera mafoni a anthu mobisa ndi mlandu. Mukamulembera zotere wowerenga wa kuno aseka. Chabwino n'chakuti akhale ndi wapolisi m'modzi wodziwana naye, amene nthawi zina amathandiza, nthawi zina amamuuza kuti achoke.

Nanga amapeza kuti umboni? M'mapepala ndi m'makamwa. Mwini nyumba ya mayadi amapezeka ku Deeds Registry. Koma nyumba zambiri za ku Mbare, Highfield ndi Mufakose zilibe mapepala amenewo, dzina limakhala m'kaundula wa ofesi ya khonsolo ya m'deralo, ndipo wolemba wosadziwa amatumiza wofufuza wake kolakwika. Chuma cha masiye chimalembetsedwa kwa Master of the High Court. Za kubadwa ndi imfa zili ku Civil Registry, imene ambiri timangoti ku Makombe.

Tsono milandu yoyenera ife ili pakhomo pomwe. Taganizani mkulu amene anabwera kuchokera ku Dedza m'ma 1960, nagwira ntchito m'mafamu kapena m'migodi, nakwatira kuno atasiya mkazi kumudzi. Wamwalira. Lamulo la chuma cha masiye linasinthidwa mu 1997 kuti wamasiye atsale m'nyumba imene ankakhala ndi malemu, koma kwatulukira mwana wochokera kumudzi ali ndi kalata. Kalatayo ndi yeniyeni? Kapena mtsikana wobadwira kuno amene chitupa chake chinali ndi A, kusonyeza mlendo, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2013 anamupatsa unzika, koma dzina la bambo ake linalembedwa mosiyana pa mapepala atatu chifukwa kalaliki wa pafamu ankalemba mmene wamvera. Kufufuza dzina limenelo kungamukweze wofufuza basi ya ku Nyamapanda, kudutsa Tete mpaka Mwanza. Limenelo ndi buku lathunthu popanda mtembo wachiwiri.

Ndipo musaiwale kumene mayi amalowa mwamuna n'kutsala panja. Pa maliro abambo amakhala kunja pamoto, amayi ali m'nyumba ya siwa usiku wonse ndi wamasiye, ena ali kumapoto. Amene amasambitsa thupi la mayi ndi amayi anzake, ndipo amaona zipsera. Msungichuma wa sosaiti ya maliro ali ndi kabuku kosonyeza amene analeka kusonkha ndi mwezi umene analekera. Ku saluni kuluka tsitsi kumatenga maola atatu kapena anayi, munthu sangakhale chete nthawi yonseyo.

A Phiri a ku Highfield:

Pa mfundo ya saluni ndisiyana nanu pang'ono, mayi NaZulu. Mukadalira kwambiri zimenezo wofufuza amasanduka wamiseche chabe. Chimene wamva ku saluni chimuuze koyang'ana, koma umboni ukhale chinthu chogwirika: lisiti, siginecha, uthenga wa EcoCash (njira yotumizira ndalama pa foni) wosonyeza tsiku ndi nthawi. Komanso mabuku otsatizana amafa ndi matenda awiri. Ena mayiyo sasintha mpang'ono pomwe, buku lachisanu n'kumamveka ngati loyamba. Ena za chikondi chake zimadya theka la buku mlandu n'kuiwalika. Za kunyumba zisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo pa buku lililonse pasinthe chinthu chimodzi chokha m'moyo wake.

NaBanda wa ku Mufakose:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga foni? Masiku ano munthu akasowa timangomuimbira kapena kuona pa WhatsApp. Sizipha nkhani?

Achimwene Mwale, Dzivarasekwa:

Achemwali, njira zilipo ziwiri. Grafton anasunga nkhani zake zonse m'zaka za m'ma 1980 ngakhale ankalemba mpaka 2017, ndiye Kinsey ankagwira ntchito ndi timakadi tolembapo ndi foni ya m'nyumba. Inunso mutha kuika zanu mu Harare wa 1995. Mukasankha za lero, foniyo ikhale mboni yonama. Uthenga ungalembedwe ndi aliyense amene wagwira foniyo, ndiye wofufuza azindikire kuti gogo amene moyo wake wonse ankalemba Chichewa chosakaniza ndi Chishona mwadzidzidzi watumiza uthenga wa Chichewa choyera cha ku Lilongwe. Kulakwitsa kofala ndi kuthetsa batire nthawi iliyonse wofufuza akalowa m'mavuto. Ndi kuzimazima kwa magetsi kuno wowerenga akhululuka kamodzi, osati kawiri m'buku limodzi. Mukafuna kuti asaitane thandizo, m'patseni chifukwa china: mwina amene angamuimbireyo ndi m'modzi mwa oganiziridwa, kapena walowa pamalo pamene laisensi yake siyimulola ndipo kuimbira polisi n'kudzipereka yekha.