TT ya njinga ya 16 km, mnyamata wachedwa ndi 1:30, vuto ndi iye kapena tsiku?

Kochi wa ana:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Mnyamata wa zaka 15, TT (mpikisano wa njinga womwe aliyense amathamanga yekha n'kumuwerengera nthawi) ya 16 km msewu wa ku Mchinji, 8 kupita 8 kubwera. Mu Epulo anamenya 27:40, dzulo 29:10. Njinga yomweyo, power meter (choyezera mphamvu ya miyendo) tilibe, lamba woyezera kugunda kwa mtima yekha. Popita 12:30, pobwera 16:40, avereji ya mtima 186. Makolo ayamba kufunsa ngati ndalama za matayala sizikungolowa m'madzi. Ndiwauze chiyani?

Mdala wa wotchi:
Wotchi sinama achimwene. Anali pa 34.7 km/h, pano ali pa 32.9. Mwana sakutrena, muonjezereni makilomita basi.

Wa ma split:
Ayi madala, taonani kaye ma split, nthawi ya popita ndi ya pobwera payokhapayokha. Popita 38.4 km/h, pobwera 28.8. Uno ndi Julayi, mwera ukuchokera kum'mwera chakum'mawa, ndiye polowera ku Mchinji umamukankha kumsana, pobwerera ku Lilongwe umamuomba kumaso. Pa kosi yopita n'kubwera mphepo sibweza zonse zomwe yatenga, chifukwa mbali yomwe ikukuthandiza imatha msanga pomwe mbali yolimbana nayo umakhalamo nthawi yaitali. A Kochi, ma split a Epulo muli nawo? Nanga dzulo panali ena omwe anathamanganso mu Epulo? Ngati onse achedwa ndi miniti ndi kanthu, mlandu ndi wa tsiku.

Kochi wa ana:
Ma split a Epulo sindinalembe. Anzake awiri analipo, nthawi zawo ndiziona kunyumba.

Makaniko:
Musanamuweruze nyamulani njinga muzungulitse mawilo onse awiri. Buleki ikamakhudza limu ngakhale pang'ono, mphamvu zimathera pomwepo. Mpweya m'matayala muziyeza ndi geji, osati chala. Koma chachikulu, mwana wa msinkhu umenewu miyezi itatu ndi yokwanira kuti miyendo italike, chishalo chili pomwe chinali. Muyezeni kuchokera pansi kufika m'mphechepeche ali wopanda nsapato, muchulukitse ndi 0.883, imeneyo ndiye poyambira kuchokera pakati pa bottom bracket (pomwe mapedulo amazungulirapo) kufika pamwamba pa chishalo. Musakweze kamodzin'kamodzi, 3 mpaka 5 mm pa sabata. Mukakweza kwambiri chiuno chimayamba kugwedera ndipo kuseri kwa bondo kumawawa.

Mdala wa wotchi:
Mphepo, chishalo, zonsezo n'zifukwa. Pampikisano amalemba nthawi, salemba mwera.

Mayi wa za thupi:
186 payokha sikutiuza kanthu ngati simudziwa pomwe mtima wake umalekezera, ndipo ija ya 220 kuchotsa zaka imasocheretsa kwambiri pa ana. Tsegulani graph muone 3 km yoyamba. Mtima umachedwa kukwera, ndiye ngati pa miniti yachitatu unali kale pamwamba, anayamba mothamanga kwambiri ndipo analipira pobwerera. Mphepo ikakhala kumsana ayenera kusungako mphamvu, azithire potembenuka. Chinanso, azidziwerenga kugunda kwa mtima m'mawa asanadzuke. Kukakhala kokwera kuposa masiku onse kwa masiku angapo, mupumitseni ndipo akayezetse malungo musanamuonjezere katundu. Ndipo chonde musamuuze za kuchepetsa thupi kuti W/kg (mphamvu pa kilogalamu iliyonse ya thupi) ikwere, akukula ameneyu.

Mdala wa wotchi:
Ndiye muikireni giya lolemera la 53x11 aphunzire kuponda. UCI, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, inachotsa kale malire a magiya. Wotchi idzayankha yokha.

Wa ma split:
Inachotsadi mu 2023, ija ya 7.93 m mapedulo akazungulira kamodzi, yomwe inkafika pa giya la 52x14, koma imeneyo inali ya ma junior a zaka 17 ndi 18. Wa 15 mukamuponyera giya lolemera pa mphepo ya kumaso, cadence (kuzungulira kwa mapedulo pa miniti) igwera ku 70, pansi pa bondo payamba kutupa. Azikhala cha m'ma 90, zigongono mkati, mutu wosakweza. Kuti liwiro likwere ndi 10% pamafunika mphamvu yoonjezera pafupifupi 33% yolimbana ndi mpweya, ndiye kakhalidwe ka panjinga kamalipira msanga kuposa giya.

Makaniko:
Koma potembenukirapo mumaika munthu? Msewu umenewo uli ndi matiraki, mwana atawerama saona kutali.

Mdala wa wotchi:
29:10 ndi 29:10.